Chifukwa chake waya wa inivetara akutentha mukalumikiza ayironi

Achimwene, mwati muli ndi batire ya 12V, 100Ah, ndi inivetara ya 1500W, ndipo mukangolumikiza ayironi ya 1000W, waya wochokera ku batire akutentha, inivetara ikulira, fyuzi ya 30A n'kupsa. Mukudabwa chifukwa ayironi yomweyo pa magetsi a ESCOM imasita bwinobwino ndi fyuzi ya 13A yokha. Ena akuti inivetarayo ndi yabodza. Ine sindikuganiza choncho. Tengani cholembera tiwerengetse limodzi.

Pali masamu awiri okha. Oyamba ndi a German uja, Georg Ohm, amene anawafalitsa mu 1827: ma volt mukawagawa ndi ma amp, mupeza ma ohm, R = V ÷ I. Ma volt ndi mphamvu yokankha magetsi, ma amp ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya, ma ohm ndi mmene chinthucho chikukanira kuti magetsiwo asadutse. Achiwiri ndi a ma watt, mphamvu imene chipangizo chimadya: P = V × I. Ma volt kuchulukitsa ndi ma amp, basi.

Tiyambe ndi pa soketi. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V. Ayironi yanu ndi 1000W, ndiye ma amp ake ndi 1000 ÷ 230, zomwe zikutipatsa pafupifupi 4.3A. N'chifukwa chake fyuzi ya 13A ya mu pulagi siimva kanthu. Resistance ya ayironiyo, kukana kwake kuja, ndi 230 ÷ 4.3, pafupifupi ma ohm 53. Ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, mungatsimikize nokha: zulani ayironi pa soketi, tembenuzani batani lake ngati mukufuna kusita, n'kuyeza pa mano awiri a m'munsi a pulagi. Muwona nambala yoyandikira pamenepo.

Tsopano bwerani ku batire. Inivetara siipanga mphamvu, imangosintha 12V kukhala 230V. Ayironi ikamafuna ma watt 1000, batire iyenera kupereka ma watt 1000 omwewo, koma ili ndi ma volt 12 okha. Ndiye 1000 ÷ 12 ndi 83A. Onjezerani imene inivetara imadya yokha potentha, mufika cha m'ma 90A. Fyuzi ya 30A ingapirire bwanji? Ikupsa chifukwa ikugwira ntchito yake.

Za wayazo ndi zimene ndikufuna mumvetse kwambiri, chifukwa ndi zimene zimawotcha nyumba. Simunanene kukula kwake, koma ambiri amangotenga waya wa 2.5mm² wotsala pa wayaringi ya masoketi. Waya wakopa ameneyo ali ndi ma ohm pafupifupi 0.0074 pa mita imodzi. Tinene kuti batire ili mamita 2 kuchokera pa inivetara. Wofiira ndi wakuda pamodzi ndi mamita 4, kutanthauza ma ohm 0.03. Kanambala kooneka ngati kopanda ntchito.

Koma kutentha kwa waya kumawerengedwa motere: ma amp kuchulukitsa ndi ma amp omwewo, kenako kuchulukitsa ndi ma ohm, P = I × I × R. Si lamulo latsopano ayi, langotuluka pophatikiza awiri aja. Pa 4.3A: 4.3 × 4.3 × 0.03, theka la watt chabe, simungamve n'komwe pogwira. Pa 90A: 90 × 90 × 0.03 ndi ma watt 243. Ganizirani mababu anayi akale a 60W aja akuyakira m'kati mwa pulasitiki wa waya. Asasungunuke bwanji?

Kulira kwa inivetara nakonso kukuchokera pompo. V = I × R, ndiye 90 × 0.03 ndi ma volt 2.7 otayikira m'njira. Batire ikutulutsa 12V, inivetara ikulandira 9.3V, iyo n'kumaona ngati batire yatha. Ikamalandira ma volt ochepa imakokanso ma amp ambiri, waya n'kumatentherabe.

Waya wa 25mm², wonenepa ngati wa batire ya galimoto, resistance yake ndi yochepa kakhumi. Pa mamita 4 omwewo kutentha kutsika kufika cha pa ma watt 24, ndipo ma volt otayika sakwana 0.3. Mufupikitseninso, ndipo mumange zolumikizira ndi sipanala, chifukwa polumikiza pogwedera ndi resistance inanso. Mukasintha waya ndi pamene mungaike fyuzi yokulirapo, monga 125A, pafupi ndi batire. Chonde musakulitse fyuzi pa waya wowondayo, ndipo zomangirira kawaya m'malo mwa fyuzi zija musayerekeze.

Ngakhale mukonze zonsezi, ine ayironi pa batire imodzi sindiivomereza. 12V × 100Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola) ndi 1200Wh papepala, yuniti imodzi ndi pang'ono, poti yuniti ya pa mita ndi ma watt 1000 kwa ola limodzi. Batire ya asidi siifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo ikamakokedwa mwamphamvu chonchi imapereka zochepa kuposa zolembedwazo. N'zoona kuti ayironi imazima yokha ikatentha, ndiye malaya awiri atatu mungasite, koma zovala za sabata yonse zikupherani batire msanga. Yerekezani ndi babu ya LED ya 9W: 9 ÷ 12 ndi 0.75A basi.

Kwa ana a Fomu 3 ndi 4 amene akuwerenga nawo: babu yakale ya 60W pa 230V masamu amati ma ohm 880, koma mukaiyeza ili yozizira mupeza ochepa kwambiri, osafika n'komwe 100. Multimeter siinaname, kawaya ka m'babumo resistance yake imakwera kakatentha.

Achimwene, jambulani wayayo pamene palembedwa kukula kwake, ndi zolumikizira za pa batire, muike pano tione.