Bwanji Oedipus sanangokwatira wamsinkhu wake?

Achimwene, mwafunsa kuti munthu amene wauzidwa kuti adzapha bambo ake n'kukwatira mayi ake, chinamuvuta n'chiyani kungopewa akazi omuposa zaka. Malamulo ake anali awiri basi: usaphe mwamuna wa imvi, usakwatire mayi wamkulu. Oedipus, wa m'nthano ya Agiriki akale, anaswa onse awiri pa ulendo umodzi.

Koma vuto linayamba iye asanadziwe kanthu. Bambo ake Laius, mfumu ya ku Thebes, atamva ulosi wa mulungu Apollo woti mwana wake adzamupha, anaboola akakolo a khandalo n'kulamula kuti likatayidwe ku phiri la Cithaeron. Mbusa amene anatumidwayo anagwidwa chifundo, anapatsa mwanayo mbusa mnzake wa ku Corinth, ndipo Polybus, mfumu ya kumeneko, ndi mkazi wake Merope anamulera ngati wawo osamuuza chilichonse. Atakula, chidakwa china paphwando chinamulalatira kuti si mwana wa pakhomopo. Anapita kwa mlosi wa Apollo ku Delphi kukafunsa kuti makolo ake ndani, sanayankhidwe funsolo, anangouzidwa za kupha ndi kukwatirazo. Apa m'pamene anapusa. Anathawa Corinth poganiza kuti akuthawa makolo, pomwe funso loti makolowo ndani linali lidakali lopanda yankho.

Pa mphambano ya misewu itatu, ku Phocis, anakangana ndi mdala wa pa galeta pa nkhani yoti apatuke ndani. Mdalayo anam'menya pamutu ndi ndodo yothamangitsira akavalo, Oedipus anabweza, mdala kufa. Anali Laius. Kenako anamasulira ndagi ya Sphinx, chilombo chimene chinkazunza Thebes, yofunsa chimene chimayenda ndi miyendo inayi, iwiri, kenako itatu (yankho ndi munthu), ndipo mphoto yake inali ufumu pamodzi ndi Jocasta, mkazi wamasiye wa Laius, mayi ake omubereka. Sanafunsire. Mkaziyo anabwera ndi mpando, popanda ankhoswe ofufuza kuti mkamwiniyu kwawo n'kuti.

Pa nkhani ya zaka, ku Athens m'nthawi ya Sophocles, wolemba sewero la nkhaniyi, mwamuna ankakwatira ali ndi zaka pafupifupi 30, mtsikana ali ndi 14 kapena 15. Wafilosofi Aristotle ankati zoyenera ndi 37 kwa mwamuna, 18 kwa mkazi. Ndiye kusiyana zaka sikunali nkhani, chachilendo chinali choti wamkulu akhale mkazi. Werengetsani: ngati Jocasta anabereka ali ndi 16, Oedipus n'kufika ali ndi 20, ndiye kuti mayiyo anali ndi 36. Si agogo ayi. Anam'berekera ana anayi: Eteocles, Polynices, Antigone ndi Ismene.

Choseketsa kwambiri m'sewero la Sophocles, limene anthu ambiri amati ndi la cha m'ma 429 BC, ndi pamene Oedipus akufunsa kuti Laius ankaoneka bwanji. Jocasta akuyankha kuti anali atayamba imvi, ndipo thupi lake silinkasiyana kwenikweni ndi la Oedipus. Zaka zonsezo m'nyumba imodzi, nkhope ya malemu ili pomwepo, zipsera zili m'akakolo, koma palibe anafunsapo! Mpaka mliri unachita kugwa mu Thebes kuti mafunso ayambe.

Jocasta ndiye anayamba kuzindikira, anam'chonderera kuti asiye kufufuza, koma iye ankaganiza kuti mkaziyo akungoopa kumva zoti anakwatiwa ndi mwana wa kapolo. Jocasta anadzimangirira, Oedipus anadziboola maso ndi zipini za pa chovala cha mayiyo. Amene anatsala ndi mutu waukulu ndi Antigone: bambo ake ndi achimwene ake omwe, mayi ake ndi agogo ake omwe.