Kwa abale mwangofika kumene amene mukuganiza za unamwino

Loweruka lapitali ndinatenga ana kupita ku Wollaton Park kuno ku Nottingham, ku Britain, kukaona agwape. Tinasiya majekete olemera aja kunyumba. Tili m'njira, mwana wanga wamkazi wa zaka 7 anandifunsa kuti, "Amayi, lero simuwerenga?" Nditamuyankha kuti ayi, anandigwira dzanja osalisiya mpaka kubwerera. Mtima unandiwawa komanso kukoma nthawi imodzi. Zaka zitatu zathunthu mwanayu wakhala akuona nkhope ya mayi ake itabisala kuseri kwa laputopu.

Sukulu ya unamwino ndamaliza, ndipo PIN yanga, nambala yondilola kugwira ntchito ya unamwino, yochokera ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino ndi azamba kuno, yafika. Ndiye ndati ndisanaiwale ululu wake, ndikuuzeni zimene ndikanakonda wina akanandiuza nditangotsika ndege.

Ngati munali kale namwino kwathu, njira yanu ndi ina. Mufunika mayeso a Chingerezi, OET kapena IELTS, kenako mayeso a unamwino a pakompyuta otchedwa CBT, n'kumalizira OSCE yomwe mumaonetsa ntchito ndi manja. Chenjerani ndi anthu ofuna ndalama kuti akupezereni ntchito. Malamulo a kuno salola ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito, ndipo Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene Britain salola kukakopako anamwino, ngakhale inu panokha mutha kufunsira ntchito mwachindunji.

Ine ndinayambira pansi. Ndinkasamalira okalamba ku care home, kenako ndinalowa digiri. Imatenga zaka zitatu, maola 4,600, ndipo theka lake, maola 2,300, mumakhala mukugwira ntchito m'mawodi ndi m'madera, zomwe amati placement. Maola amenewo simulipidwa. Muvala yunifolomu, muimirira kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka usiku, mugwira naiti, mugwira Lamlungu, koma kumapeto kwa mwezi lendi ikufunani chimodzimodzi. Walira mvula walira matope, achemwali.

Chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi: sukulu imeneyi salowa munthu mmodzi, limalowa banja lonse. Musanatumize fomu, khalani pansi ndi bambo a kunyumba kapena mayi a kunyumba, mukambirane mosabisa. Ine ndinalakwitsa pamenepa. Ndinangobwera ndi kalata yondilandira ndikumwetulira, poganiza kuti zinazo zidziyendera zokha monga kwathu. Koma kuno kulibe agogo oti muwasiyire mwana, kulibe azakhali, kulibe mwana wa achimwene wobwera kudzathandiza pakhomo. Ana amaweruka cha m'ma 3 koloko masana, inu muli kuwodi ndipo foni ili mu loka. Wolera ana wolipidwa amawerenga maola, mukachedwa amawonjezera. Miyezi yoyambirira tinkakangana pa nkhani ya amene akatenge ana, osati chifukwa chodana, koma kutopa. Zinasintha titamata kalendala pafiriji, mashifiti anga ndi awo pamodzi, ndipo bambo a ana anasamukira ku ntchito ya usiku kwa kanthawi. Anaphunzira kupesa tsitsi la mwana wamkazi, nsima akuphika yopanda mibulu. Pa tsiku la graduation ndidzafuna aimirire pambali panga, chifukwa digiriyi anaivutikira nawo.

Kumudzi nakonso auzeni zoona msanga. Ena amaganiza kuti kuno ndalama timachita kutola. Ndinawaimbira amayi n'kuwauza kuti kwa zaka zitatu ndizitumiza zochepa, za mankhwala awo ndi fetereza basi. Anadandaula, koma anamvetsa. Kukhala chete n'kumangozemba mafoni n'kumene kumadula ubale.

Ndiye pali mdima. Kuzizira ndinkakuyembekezera, ndinkati ndi chiperoni chokulirapo chabe. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mu Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ukakhala pa shifiti yaitali umachoka kunyumba kuli mdima, kubwerera kuli mdima, masiku angapo osaliona dzuwa. Chaka chachiwiri, mu Januwale, ndinalira pamalo okwerera basi popanda amene wandilakwira, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya sukulu. Musachite manyazi kuuza GP wanu, dokotala wa m'dera lanu, kapena mphunzitsi amene akukuyang'anirani. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza kumwa vitamin D, mamaikulogalamu 10 patsiku, m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Ndiponso musadzipatule. Amayi a kutchalitchi kwathu ankandibweretsera nyemba zophika kale sabata ya mayeso, ndipo mmodzi anagona ndi ana anga kawiri ndili pa naiti. Landirani thandizo lotere, tsiku lina mudzabweza kwa wina.

Ndikukupemphani chimodzi: maganizo osiya sukulu akakubwererani mu Januwale, musagamule kanthu. Dikirani Malichi. Kuno amati spring. Timaluwa tachikasu ta daffodil timatuluka m'mbali mwa misewu, mitengo yomwe inaoneka ngati youma imaphukira monga imachitira ya kwathu mvula isanagwe, ndipo Lamlungu lomaliza la Malichi mawotchi amakankhidwa ola limodzi kutsogolo. Mwadzidzidzi mukuweruka kukadali kowala, ana akusewera panja mpaka 7 koloko. Mavuto amakhala omwe aja, koma mutu umaganiza bwino.

Mwezi wamawa ndiyamba ntchito pa Band 5, giredi ya malipiro pomwe namwino aliyense watsopano amayambira, ndipo miyezi yoyamba ndidzakhala ndi namwino wamkulu wondiyang'anira. Mantha alipo ndithu, chifukwa tsopano mankhwala ndizisainira ndekha. Koma masabata atsalawa ndawapereka kwa ana. Tchuthi cha Isitala tikakwera sitima kukaona nyanja ku Skegness, ndinawalonjeza kalekale. Dzulo tinafesa nthanga za maungu m'timiphika pawindo la kukhitchini, chifukwa panja chisanu chimatha kupha mbande mpaka mu Meyi. Mnyamata wanga sanadyepo nkhwani wotendera wothyoledwa pakhomo, ndipo m'mawa uno wadzuka kale kawiri kukasuzumira ngati zamera.