Mafunso ndi Mayankho: Mano a kambuku pa ziboliboli za ku Benin

Funso: Akonzi, ndaona zithunzi za ziboliboli zamkuwa za ku Benin. Pa zambiri pali munthu wamkulu pakati, ena ang'onoang'ono m'mbali, ndipo ankhondo avala mano a nyama m'khosi. Kodi zimenezi zili ndi tanthauzo, kapena n'zokongoletsa chabe? Mphunzitsi, Ndirande, Blantyre.

Yankho: Aphunzitsi, tanthauzo lilipo ndithu. Benin ameneyu ndi ufumu wa anthu a mtundu wa Edo, womwe likulu lake ndi Benin City ku Nigeria, osati dziko la Benin la masiku ano. Zambiri mwa zimene mwaonazo zinapangidwa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, ndipo zinkakhomedwa pa nsanamira za nyumba ya Oba, mfumu yaikulu. Amisiri a gulu la Igun Eronmwon ankaumba chithunzi ndi phula n'kuchimata dongo, kenako ankasungunula phulalo kuti mkuwa wamoto ulowe m'malo mwake.

Msinkhu pamenepa ukusonyeza udindo: wamkuluyo ndi mfumu kapena mkulu wankhondo, pamene ang'onowo ndi omutumikira, onyamula malupanga ndi oimba malipenga.

Manowo ndi a kambuku, ndipo kwa ine ndiwo mtima wa nkhani yonse. Aedo ankati kambuku ndi mfumu ya kutchire monga Oba ali mfumu ya kumudzi, moti Oba yekha ndiye anali ndi ufulu wopereka nyamayi nsembe. Choncho wankhondo wovala mano ake sankadzitama ndi mphamvu zakezake, koma ankaonetsa kuti mphamvu yochotsa moyo wachita kupatsidwa ndi mfumu, ndiponso ankakhulupirira kuti manowo, pamodzi ndi kabelu ka mbali zinayi kolendewera pachifuwa, amuteteza kunkhondo. Kuno kwathu sizachilendo, pakuti mafumu a Angoni nawonso amavala chikopa cha kambuku pa miyambo.

Mikanda yofiira yodzaza m'khosi inkaperekedwa ndi Oba, ndipo ankati ndi chuma cha Olokun, mulungu wa nyanja. Mukaona mfumu yomwe miyendo yake ndi milamba, dziwani kuti nsomba yotha kukhala m'madzi ndi m'matopeyo ikunena kuti Oba amalamulira pamtunda ndi m'madzi momwe.

Asilikali a Britain analanda ziboliboli zimenezi mu February 1897, ndipo Oba Ovonramwen anamuthamangitsira ku Calabar, mzinda wina wa ku Nigeria komweko. British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London, ikusungabe zinthu zoposa 900 za ku Benin, pamene Germany mu 2022 inabweza umwini wa zoposa 1,100 ku Nigeria.