Kodi pulofesa wa psychology amalowerera bwanji pa nkhani za ubongo?

Wophunzira wina wa Fomu 4 wanditumizira imelo yofunsa ngati maphunziro a psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu) amangothera pa kupereka uphungu, komanso ngati aphunzitsi ake amakhala ndi zina zowasangalatsa kupatula mabuku. Ndikuyankhani, achimwene, pokufotokozerani za mayi Brenda Milner a pa yunivesite ya McGill ku Canada, chifukwa ntchito yawo ndimailemekeza kwambiri.

Mayiwa anabadwira ku Manchester, ku England, mu 1918 ndipo anayamba ndi masamu pa yunivesite ya Cambridge asanasinthire ku psychology. Atasamukira ku Canada mu 1944, anaphunzitsa m'Chifalansa pa Université de Montréal, kenako analandira digiri ya ukachenjede ya PhD pa McGill mu 1952 moyang'aniridwa ndi katswiri wa psychology Donald Hebb.

Chimene chinawatchukitsa ndi wodwala wina wodziwika kuti H.M., amene mu 1953 anachitidwa opaleshoni pofuna kuchepetsa khunyu. Dokotala William Scoville anamuchotsa mbali za mkati mwa ubongo kumanja ndi kumanzere, kuphatikizapo gawo lalikulu la hippocampus, kachiwalo ka mu ubongo kothandiza kukumbukira zinthu. Khunyu linachepadi, koma munthuyo sankathanso kusunga chatsopano m'mutu, moti a Milner ankadzitchulanso dzina nthawi iliyonse akamuyendera.

Tsono iwo anamupatsa pensulo kuti azitsatira mizere ya nyenyezi ya nsonga zisanu akuona dzanja lake pagalasi pokha, ntchito imene imasokoneza aliyense poyamba. Pa masiku atatu dzanja linazolowera ndipo zolakwa zinachepa kwambiri, chikhalirecho iye sankakumbukira kuti anayeserapo. Apa panadziwika kuti ubongo umasunga luso la manja mosiyana ndi mmene umasungira zimene zatichitikira. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zimenezi zinatulukiridwa ndi pepala, galasi ndi kudekha poyang'anitsitsa munthu mmodzi, ndipo limeneli ndilo luso lenileni la psychology.

Kaphunzitsidwe ka mayi Milner kamaonekera mwa ophunzira awo. Suzanne Corkin, amene iwo anamusula, anapitiriza kufufuza za H.M. mpaka pamene munthuyo anamwalira mu 2008.

Pa za zosangalatsa, makolo onse a mayi Milner anali anthu a nyimbo, koma mwana wawoyu mtima wake sunapite kumeneko. Iwo anakonda zinenero ndi mpira wa miyendo, ndipo amadziwika kuti ndi wochemerera timu ya Manchester City. Analandira mphoto ya sayansi ya Kavli mu 2014, ndipo pokwanitsa zaka 100 mu 2018 anali akugwirabe ntchito pa Montreal Neurological Institute, malo ofufuza za ubongo a yunivesite ya McGill.