Bwanji njuchi ya ku Hawaii ikutha pamene nyerere za m'mitengo zikungoswana?

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji nyerere zofiira zosoka masamba m'mitengo ya mango kumangochulukana, pamene njuchi ija ya ku Hawaii, zilumba za dziko la America, ikutha, chonsecho ziwirizi n'zapachibale. Chibalecho chilipodi, koma kakhalidwe kake n'kosiyana kutalitali.

Nyerere ija, imene asayansi amati Oecophylla, mphamvu zake zili pa unyinji. Mukaimirira pansi pa mtengo muona zina zitagwirana m'chiuno n'kumakoka masamba awiri kuti akumane, zinazo zitanyamula timphutsi tawo kukamwa n'kumatiyendetsa uku ndi uku. Timphutsito ndi timene timatulutsa ulusi womatira chisa. Banja limodzi limakhala ndi zisa zambiri m'mitengo ingapo, ndiye chimodzi chikagwa ntchito siima.

Njuchi ya ku Hawaii, yotchedwa Hylaeus, musaiganizire ngati njuchi ya mumng'oma. N'kakang'ono, kakuda, kachikasu kumaso makamaka kakamuna, ndipo sikapanga uchi. Ilibe mfumukazi kapena alonda. Yaikazi imafuna yokha kauna m'kamtengo kouma kapena m'miyala ya m'mbali mwa nyanja, n'kuikamo chakudya ndi mazira ochepa. Mungu imachita kumeza n'kukalavula kuchisa, sinyamula kumiyendo. Ikapita kumaluwa, pakhomo sipatsala aliyense.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ku Hawaii kunalibe nyerere n'komwe mpaka anthu atabwera nazo pa sitima zapamadzi ndi katundu. Njuchizi, zomwe zili mitundu yoposa 60, zinakhala zaka zosawerengeka osakumana ndi mdani wotere, ndiye sizidziwa n'kudziteteza komwe. Nyerere zobwera monga Pheidole megacephala ndi Anoplolepis gracilipes zimangolowa m'chisa n'kudya mazira ndi mphutsi. Onjezani kumangidwa kwa nyumba m'mbali mwa nyanja ndi kuchepa kwa zomera zakomweko, muona chifukwa chake mu 2016 boma la America linaika mitundu 7 ya njuchizi pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutha. Zinali njuchi zoyamba kulembedwa pamenepo.

Koma musakathire mankhwala nyerere za m'mango mwanu chifukwa cha nkhaniyi. Zosoka masambazi si zomwe zikupha njuchi ku Hawaii, ndipo kuno ku Africa n'kwawo. Zimaluma ndithu mukakwera kukathyola, koma ndi zomwezo zimene zimathamangitsa ntchentche zoboola zipatso.