Kwa achemwali amene mwafunsa za ntchito ya pulodyusa

Achemwali, mwati kampani ina yopanga zotsatsa malonda kuno ku Lilongwe yakuitanani kuti mukhale pulodyusa, ndipo mukuda nkhawa poti kamera simuidziwa bwino. Za kamera zisakuvuteni, ili ndi mwini wake. Dayilekita alipo, wolemba mawu alipo. Inu gawo lanu ndi ndalama, nthawi ndi anthu, ndipo chimene chidzakusowetseni tulo kwambiri ndi ndalama.

Kasitomala amabwera ndi chimene akufuna, tinene kanema wa masekondi 30 ndi kanyimbo ka pa wailesi. Olemba akamaliza, pepala lija limafika kwa inu kuti mulisandutse bajeti. Iwo alemba mzere umodzi wokha, kuti mayi akugulitsa tomato mumsika dzuwa likutuluka. Inu mumzere umenewo muyenera kuonamo galimoto yonyamula zipangizo m'bandakucha, mafuta, chilolezo cha khonsolo ya mzinda, chakudya cha gulu lonse, ndi anyamata oletsa anthu kudutsa kutsogolo kwa kamera. Amene anajambulapo mumsika wa Tsoka kapena wa Lizulu akudziwa kuti kalata ya khonsolo payokha siikwanira. Mavenda ali ndi atsogoleri awo, ndipo mumapita dzulo lake kukakhala nawo pansi. Kumudzi n'chimodzimodzi: ku Mitundu simungatsitse kamera musanakaonekere kwa amfumu.

Dziwaninso kuti Lilongwe si Blantyre. Makampani ambiri akuluakulu malikulu awo ali kumwera, pomwe kuno kuli boma ku Capital Hill ndi mabungwe. Choncho ntchito yambiri imene idzakupezeni ndi mauthenga a katemera, kolera, ulimi, maphunziro a atsikana. Uthenga wotere umadutsa m'manja mwa anthu ambiri usanavomerezedwe, ndipo aliyense amafuna kusinthapo kake. Mugwirizane pachiyambi pomwe kuti kusintha kwaulere ndi kangati, kopitirira apo kulipiridwe. Nthawi zambiri amafunanso uthenga womwewo m'Chitumbuka, m'Chiyao, mwina m'Chisena. Pamenepa musachite zachidule. Pezani eni chilankhulo amasulire ndi kulankhula okha, chifukwa womvera wa ku Rumphi amadziwa pa mawu oyamba kuti uyu si wakwathu, ndipo uthenga wonse umafera pomwepo.

Tsopano ndalama. Musayambe ntchito ndi lonjezo la pafoni; dikirani LPO (chikalata cha kasitomala chotsimikiza kuti wakupatsani ntchitoyo) kapena mgwirizano wosainidwa, ndipo pemphani gawo la ndalama ntchito isanayambe. Pa kotesheni lembani kuti mitengoyi ikugwira ntchito kwa masiku angati. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atapereka kale mitengo yosalemba malire anagwira ntchito yoluza, poti zipangizo zathu pafupifupi zonse n'zochokera kunja. Kumbukirani msonkho umene kasitomala amadula n'kupereka ku MRA asanakulipireni, ndipo muzitenga chikalata chake. Muikenso padera kandalama ka mwadzidzidzi. Magetsi amazima pakati pojambula, jenereta imafuna mafuta, mafutawo nthawi zina ndi apamzere, ndipo kuyambira November mpaka April mvula ikhoza kukuthetserani tsiku lonse lojambula panja.

Chimene chimandipweteka mtima pantchitoyi ndi ichi. Kasitomala amatha kuchedwa kulipira mwezi, miyezi iwiri, pomwe wonyamula magetsi, wodzola anthu kumaso, dalaivala ndi mayi amene anaphika nsima akudikira yawo. Anthu amenewa saimbira bwana wa kampani, amaimbira inu, chifukwa ndinu munawaitana. Ambiri alibe malipiro apamwezi, lendi yawo ku Kawale kapena ku Area 25 ikudalira tsiku limenelo. Auzeni zoona za tsiku lolandira asanavomere, ndipo menyerani nkhondo kuti antchito ang'onoang'ono azilipidwa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Ojambula aluso mumzinda muno ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Akadziwa kuti mawu anu sagwa pansi, adzakuyankhani foni ngakhale usiku.

Mapepala ena musawaone ngati otayitsa nthawi. Aliyense wooneka kapena womveka asaine fomu yonena kuti nkhope yake idzagwiritsidwa ntchito kuti, pa TV pokha kapena pa zikwangwani za mumsewu ndi pa Facebook pomwe, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi mwana, asaine kholo, ndipo muwafotokozere m'chilankhulo chawo, osangowalozera posainira. Nyimbo ya munthu musaitole pa intaneti ayi. Pali lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ali konkuno ku Lilongwe. Lankhulani nawo komanso mwini nyimbo, kapena lembani woimba akupekereni yanuyanu. Kasitomala akafuna kulonjeza zimene katundu wake sachita, mukumbutseni kuti a Competition and Fair Trading Commission amalanga otsatsa malonda mwabodza. Ndipo musanamalize kukonza, funsani ku Zodiak, MBC kapena Times kuti akufuna failo yamtundu wanji ndiponso ifike liti.

Ntchitoyo ivomereni, achemwali, ndi yokoma ndipo imakudziwitsani anthu ambiri. Koma pokakambirana mufunse zinthu izi mosaopa: amene amasainira ndalama zogwiritsa ntchito pojambula ndi ndani, antchito aganyu amalipidwa kasitomala asanalipire kapena atalipira, ndipo mukaweruka usiku kampani imakuperekezani kunyumba kapena ayi. Chomalizachi chilembedwe mumgwirizano wanu, chifukwa kujambula kumatha mochedwa kawirikawiri, minibasi zitasiya kale kuyenda.