Ndine wagitala koma andipatsa besi: ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Makawa kuno ku Mangochi. Walemba kuti wakhala akuimba gitala ya rizimu mu bandi ya kutchalitchi kwawo, ndipo nthawi zina amaitanidwa kumaukwati ndi kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Tsopano mnyamata amene ankagwira besi wasamukira ku Blantyre, ndiye akuluakulu angomuuza kuti, "Inu mumadziwa kale gitala, tengani besiyi." Mafunso ake ndi awiri: kodi zimene amadziwa pa gitala zimukwanira? Nanga angalumikize besiyo ku ampu yake ya gitala ya mawati 30 kuti asagule ina?

Achimwene, itengeni besiyo, musaope. Nsambo zake zinayi ndi E, A, D ndi G, zofanana ndi nsambo zinayi zonenepa za gitala yanu, kungoti zimalira okitevu imodzi pansi. Choncho manoti onse mukudziwa kale pamene ali. Njirayi adadutsamo ambiri. Paul McCartney ankaimba gitala mpaka 1961 pamene wabesi wa gulu lawo la The Beatles adachoka. Carol Kaye, mayi amene adajambula nyimbo zambirimbiri ku Los Angeles, adali wagitala ndipo adagwira besi mu 1963 chifukwa mwini wake sadabwere kustudiyo tsiku limenelo.

Zala zanu zikudziwa njira, koma khutu lanu likadali la wagitala, ndipo apa ndi pamene pali ntchito. Wagitala amamvera woimba mawu, amadikira pamene pali mpata kuti aikepo kenakake kokometsera. Wabesi amamvera phazi la wang'oma. Pamene kiki, ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi ija, yagunda, noti yanu ikhale pomwepo, osati patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono, mpaka womvera asathe kusiyanitsa kuti ng'oma ndi iti, besi ndi iti. Anthu amene akuvina sayang'ana zala zanu. Amamva m'chifuwa ndi m'chiuno ngati inu ndi wang'oma mwagwirizana, ndipo mukasemphana amakhala pansi osadziwa n'komwe chimene chawakhazika.

Ife Amalawi sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Mvetserani babatoni wa Madalitso Band kapena wa Gasper Nali. Nsambo ndi imodzi yokha, manoti ndi ochepa, koma gule yense wakhala pamenepo. Wina anena kuti, nanga Alick Macheso wa ku Zimbabwe, woimba sungura uja, bwanji, amene besi yake imathamanga ngati lidi? Zoona, sungura imalola besi kuyankhula kwambiri. Koma mvetserani bwino: manoti onse aja amagwera pamalo pake ndi ng'oma, ndipo akamaliza kuyendayenda amabwerera pa noti yoyambira kodi panthawi yake. Mwezi woyamba inu imbani noti yoyambira ya kodi iliyonse basi. Kenako onjezani yachisanu, imene ili nsambo yotsatira chakumunsi, mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi pa besi) awiri kutsogolo, ndi okitevu, imene ili nsambo ziwiri kudumpha, mafureti awiri kutsogolonso. Ndi manoti atatu amenewa mutha kuperekeza kwaya Lamulungu lonse. Makodi athunthu a pa gitala aja asiyeni, chifukwa pa mawu akuya manoti atatu olira pamodzi amangosanduka phokoso.

Chinthu chimene agitala ambiri sachiganizira ndi kutha kwa noti. Pa gitala mumakhwatcha n'kusiya nsambo zilire mpaka zitatopa zokha. Pa besi muli ndi udindo pa chiyambi cha noti komanso pa mathero ake. Noti yomweyo, mukaidula msanga nyimbo imadumpha, mukaikoka nyimbo imagona. Mu rege, amene timakonda kuno, mpata umene wabesi wasiya osaimba ndi umene umapatsa nyimbo kukoma kwake. Ndiponso nsambo zonenepazi zimadzilirira zokha ngakhale simunazikhudze: mukamaimba pa G, nsambo ya E imayamba kung'ung'udza chapansipansi, ndipo pa ampu yaikulu kung'ung'udzako kumaipitsa chilichonse. Choncho manja onse awiri amagwira ntchito yoziziritsa nsambo. Chala chachikulu cha dzanja lokhwatchira chikhale pa pikapu, kachipangizo kotola mawu kali pansi pa nsambo kaja, mukamaimba E, chisamukire pa E mukapita pa A, n'kumatsikabe choncho kuti chizitseka nsambo zimene mwazisiya kumwamba. Zala za dzanja logwira mafureti zigone pang'ono pa nsambo zam'munsi. Jambulani pafoni mukuyeserera nokha, mudzamva phokoso limene simumalimva mukamaimba.

Kukhwatcha kwake, gwiritsani chala chamkombaphala ndi chapakati mosinthanasinthana. Musakokere nsambo kunja ngati mukuizula. Chala chidutse pa nsambo n'kukapumira pa nsambo yapamwamba pake, ndipo mawu amatuluka onenepa. Khwatchani mofatsa, mphamvu ndi ntchito ya ampu. Matuza abwera sabata zoyambirira, makamaka mukamalimbana ndi besi chifukwa simukudzimva. Za piki, kapulasitiki kokhwatchira kaja, musamvere amene amati wabesi weniweni saigwira. Carol Kaye uja ankaimba ndi piki. Koma pa nyimbo za kutchalitchi ndi rege, zala zimapereka mawu ofewa amene amakhala bwino pansi pa kwaya, ndiye ndikanakonda muyambe ndi zala.

Dzanja linalo lisamaleni. Nsambo ya besi wamba imatalika mainchesi 34 kuchokera pamene yamangidwa mpaka pamutu, pamene ya gitala ndi 25 ndi theka kapena kucheperapo. Mafureti oyambirira ndi otalikirana, ndipo mukakakamira chala chimodzi pa fureti iliyonse monga mumachitira pa gitala, mkono uyamba kupweteka. Pa mafureti asanu oyambawo gwirani ndi chala choyamba, chachiwiri ndi kachala kakang'ono, chachitatu chizingothandizira kakang'onoko. Dinani pafupi ndi fureti, osati pakati. Ululu wa m'mfundo ya dzanja si wopirira, ukayamba pumani.

Tsopano za ampu. Yankho ndi lakuti kunyumba, motsitsa kwambiri, mutha kuyesererapo. Kubandi ayi. Noti ya E yapansi ya gitala imanjenjemera ka 82 pa sekondi, ya besi ka 41. Kuti sipika itulutse noti yotsika okitevu imodzi mokweza chimodzimodzi, pepala lake liyenera kuyenda mtunda wochuluka pafupifupi kanayi. Sipika ya gitala sinapangidwire ulendo umenewo, komanso maampu ambiri a gitala ndi otsegula kumbuyo, kotero palibe mpweya wotsekeredwa woti uligwire pepalalo. Wang'oma akangoyamba, inu mukweza, sipika iyamba kuphwephwetha, kenako pepala ling'ambika kapena koyilo, waya wokulunga wa m'kati mwa sipika, ipsa. Mudzataya ampu ya gitala osapeza mawu a besi. Kutembenuza kwake kulibe vuto: gitala mu ampu ya besi imalira bwinobwino. Ampu ya Fender Bassman adaipangira besi m'zaka za m'ma 1950, koma amene adaikonda kwambiri ndi agitala.

Khutu la munthu silimva mawu akuya mosavuta ngati mawu apakati, n'chifukwa chake besi imadya mawati ambiri. Gitala ya mawati 30 imamveka tchalitchi chonse, koma besi yoti ipikisane ndi ng'oma imafuna mawati 200 kapena 300. Ngati ndalama palibe, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zambiri palibe, musathamangire kugula ampu yaing'ono yosakwanira. Popeza tchalitchi chili kale ndi mikisa ndi masipika akuluakulu, gulani bokosi la DI. Besi imalowa m'bokosimo, ilo limatumiza mawu ku mikisa kudzera pa chingwe cha maikolofoni. Kulumikiza besi yopanda batire molunjika ku mikisa kumapereka mawu ofooka ndi osamveka bwino, DI ndi imene imakonza zimenezi, ndipo ambiri ali ndi kabatani ka ground lift kochotsa kulira kwa magetsi kuja. Pemphani monita imodzi, sipika yoyang'ana kwa inu oimba, kuti muzidzimva. Ampu ya kiyibodi nayonso imapirira besi kuposa ya gitala.

Tsiku limene mudzagule ampu ya mutu payokha ndi masipika paokha, werengani kumbuyo kwake. Mabokosi a sipika awiri a ma ohm 8 (muyeso wa mmene sipika imalemetsera ampu) mukawalumikiza pamodzi amakhala ma ohm 4, ndipo ngati ampu yalembedwa kuti isatsike pansi pa 4, musawonjezere lachitatu. Pakati pa mutu ndi sipika pamafunika chingwe cha sipika, chingwe cha gitala chimatentha. Zida zakale zobwera kuchokera ku America zambiri ndi za mavoti 120, pamene athu ndi 230. Ampu yotere ikalowa pakhoma popanda thiransifoma imapsa nthawi yomweyo. Kumaukwati kumene mukuimbira jenereta, dikirani ikhazikike kaye, ampu muiyatse pomalizira ndipo muizimitse poyambirira.

Matchalitchi athu ambiri ndi a simenti pansi, njerwa m'mbali, malata kumwamba, ndipo mawu akuya amazungulira m'menemo osatuluka. Wagitala akapanda kudzimva amakweza batani la bass, zinthu n'kuipiraipira. Inu chitani zosiyana: bass itsike pang'ono, mid (mawu apakati) ikwere, ndipo manoti adzamveka limodzilimodzi. Ampu isakhale pakona, chifukwa makoma awiri amachulukitsa kugunda kuja. Panja, pamchenga wa kunyanja, kulibe makoma okuthandizani, kumeneko ndiye mudzafuna bass yochulukirapo.

Kutentha kwa kuno nakonso kumadya nsambo. Thukuta la mwezi wa Okutobala limazichititsa dzimbiri msanga, ndipo nsambo za besi ndi zokwera mtengo, nthawi zambiri mpaka muitanitse ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Sambani m'manja musanaimbe, pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza, pansi pake pomwe. Besi isagone padzuwa kapena m'galimoto yotseka, khosi limapindika. Ngati ili ya batire la 9V, zulani chingwe mukamaliza, apo ayi batire lizitha usiku wonse.

Pa kuyeserera kwanu koyamba imani pamene mukuona phazi la wang'oma, ndipo mupemphe mphindi khumi za inu awiri nokha ena asanalowe. Kenako kambiranani mwaulemu ndi wakiyibodi. Masabata amene kunalibe besi, dzanja lake lamanzere lakhala likutseka mpatawo, ndipo akapitiriza, nonse awiri muziimba manoti akuya osiyana nthawi imodzi. Mupempheni akweze dzanjalo chapakati pa kiyibodi, pansipo akusiyireni inu.